Ndege za m'mamawa

Kunja kukadali mdima, koma ku Lumbadzi, pa bwalo la ndege la Kamuzu, ena ayamba kale ntchito. Ndege isananyamuke, mmodzi mwa oyendetsa amaizungulira wapansi, tochi m'manja. Amasuzumira matayala, amayang'ana mapiko, amawerama kuona ngati pali mafuta akudontha. Amatero pa ulendo uliwonse, kaya ndi watsopano kaya wakalambira pa ntchitoyo. Ine khalidwe limeneli limandikhazika mtima pansi kuposa yunifolomu yake yowala ija.

Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti, nanga ndege imagwedezekeranji m'mwamba? Nthawi zambiri ndi mpweya chabe. Dzuwa likaotcha nthaka, makamaka mu Okutobala, mpweya wotentha umakwera, ndipo ndege podutsamo imadumphadumpha ngati minibasi pa msewu wa mabampu. Mapiko anapangidwa kuti azipindika pang'ono, sathyoka ndi zimenezo ayi. M'mawa ngati uno nthaka ikadali yozizira, choncho ulendo umakonda kukhala wa myaa.

Ngati mukukwera lero, kaya ndi ulendo wa ku Chileka kaya wa ku Johannesburg, mukakhala pampando mangani lamba, ndipo musamumasule ngakhale kachizindikiro ka lamba katazima. Muyende bwino.