Za Kukonda Wotsogolera Kanema Mmodzi Koposa Anzake

Pa Migowi, pa Chiringa ndi pa misika ina ya m'boma la Phalombe pali tinyumba tija ta kanema, timene khomo lake limatchingidwa ndi nsalu ndipo phokoso lake limamveka munthu akali kutali. Anyamata akatuluka m'menemo dzuwa litapendeka, kawirikawiri amautsa mtsutso wakuti katswiri woposa onse ndani. Wina atchula Jet Li, wina Van Damme, wina aumirira pa Rambo, osadziwa kuti limeneli ndi dzina la m'nthano chabe, mwini thupi ndiye Sylvester Stallone. Alipo enanso amene amatama womasulira uja, amene mawu ake a Chichewa amaphimba mawu a Chitchaina kapena a Chihindi, nathirako nthabwala zake. Koma munthu akawafunsa kuti, "Nanga achimwene, anakonza kanemayu ndani?" onse amangoti kakasi, pakuti maina aja olembedwa potsiriza amadutsa anthu atayamba kale kukankhana pakhomo.

Funso limeneli lioneka ngati lachibwana, koma m'kati mwake muli mlandu. Pa kanema aliyense pali munthu mmodzi wosaoneka, amene anthu a ntchitoyi amamutcha dayirekita, ndiye kuti wotsogolera. Iyeyu ndiye alamula kuti kamera iime apa, nkhope ya uyu ioneke pafupi, ya uyo ioneke patali, chithunzi ichi chidulidwe msanga, nyimbo yachisoni ilowe pamene wakutiwakuti agwa. Amene anakhalapo pa bwalo la milandu kwa amfumu adziwa kuti mboni ziwiri zingathe kuona ndewu imodzi, zonse ziwiri n'kunena zoona, koma ina n'kuyambira pa chibakera, inzake n'kuyambira pa mwano umene unautsa chibakeracho. Wotsogolera kanema ndi mboni yotere, ndipo pa bwalo lake palibe mboni yachiwiri. Kwa maola awiri woonera alibe maso akeake, angoona chimene wasonyezedwa. Chotero munthu akati, "Uyu ndiye ndimkonda koposa onse," watchula amene alola kuti azimbwereka maso kawirikawiri, ndipo chinthu chotere sichiyenera kusankhidwa mwa tulo.

Chizolowezi chosafunsa mwini kanema chili ndi mbiri yake. Kuyambira 1948 mpaka 1963 bungwe la Central African Film Unit linkakonza akanema oonetsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi ku maiko awiri a Rhodesia, ndipo magalimoto ankayenda nawo m'midzi, nsalu n'kupachikidwa pabwalo usiku. Akanemawo ankaphunzitsa ulimi, kusunga ndalama ndi kumvera boma, ndipo woonera sankayembekezeka kufunsa kuti wasankha zimenezi ndani, kapena chifukwa ninji munthu wakuda wanzeru m'nthanomo amakhala uja womvera mlangizi. Wailesi ya kanema inayamba m'Malawi mu 1999, chaka chimodzi Phalombe atakhala boma paokha. Motero mibadwo ingapo inakula ikulandira kanema monga ilandirira mvula, chinthu chongogwa kuchokera kwina.

Tsono munthu atadziwa kuti mwini alipo, amsankhe poyang'ana chiyani? Yankho loyamba kubwera m'mutu ndi luso, ndipo nzoona kuti popanda luso palibe chokambirana. Wotsogolera wosadziwa ntchito, ngakhale mtima wake ukhale woyera ngati ufa, amagonetsa anthu pa mabenchi, ndipo mawu abwino onenedwa kwa anthu ogona ndi mbewu zofesedwa pa thanthwe. Komatu luso palokha silinena kumene likupita. Mu 1915, chaka chimene John Chilembwe anaukira boma la atsamunda, D. W. Griffith wa ku America anatulutsa kanema wotchedwa The Birth of a Nation. Akatswiri mpaka lero amavomereza kuti munthuyu anaonetsa anzake njira zambiri zolumikizira zithunzi kuti nthano igwire mtima. Koma kanemayo anajambula anthu akuda ngati zilombo, natama gulu la Ku Klux Klan, ndipo gululo linatsitsimuka chaka chomwecho. Patapita zaka 20, mu 1935, Leni Riefenstahl anatulutsa Triumph of the Will, wojambula msonkhano wa chipani cha Hitler ku Nuremberg, mwaluso lakuti woonera amaona munthu wamba ngati mulungu wotsika m'mitambo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Apa nyerere sizinalowe ngakhale luso linalipo. Zinalowera pa luso lomwelo, pakuti kanema wosakoma sakadanyenga munthu ndi mmodzi yemwe.

Wina adzati zonsezi n'zolemetsa chinthu chopepuka. Munthu walima nandolo tsiku lonse, kapena wachokera ku Chilwa ndi dengu la matemba pa njinga, ndipo afuna kuseka pang'ono asanagone. Amfunsirenji za mtima wa munthu wa kutsidya kwa nyanja? Mawu amenewa ali ndi chilungamo, ndipo wonyoza kuseka kwa munthu wotopa sanagwirepo khasu. Koma kuseka nakonso kuli ndi mwini wake. Charlie Chaplin, amene ankasewera ndi kutsogolera yekha, anaseketsa dziko lonse ndi kanema wake The Kid wa mu 1921, nthano ya mmphawi wolera mwana wotayidwa. Ndipo munthu akatha kuseka amapeza kuti waima kumbali ya mmphawiyo. Alipo ena amene amaseketsa anthu ndi chibwibwi cha mnzawo, ndi chilema, ndi umbuli wa munthu wa kumudzi wofika m'tauni. Kuseka kumamveka chimodzimodzi kunja kwa kanyumba kaja, koma anthu otulukamo sali chimodzimodzi, ndipo mwana wachibwibwi wa m'mudzimo ndiye adzayamba kudziwa kusiyana kwake m'mawa mwake.

Yankho lina, limene limakoma m'makutu, ndi lakuti munthu akonde wakwawo. Ndipo akwathu alipo. Shemu Joyah, amene ntchito yake ina ndi yoyeza malo, anakonza Seasons of a Life, nthano ya mtsikana wantchito amene bwana wake anampatsa pathupi, mwana n'kukulira m'nyumba ya bwanayo, iye n'kuphunzira zamalamulo ndi kubwerera kudzamenyera mwana wake ku khoti. Mu 2012 anatulutsa The Last Fishing Boat, ya msodzi wa ku Nyanja ya Malawi amene nsomba zikumthera pamene alendo oona malo akuchuluka pa gombe. Ndipo The Road to Sunrise wa mu 2017, wonena za akazi oyendayenda a mu Blantyre, analandira mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2018 monga kanema wopambana wa kumwera kwa Africa. Mphoto yomweyo inali itabwera kale kuno mu 2016 ndi kanema wa Joyce Mhango Chavula wotchedwa Lilongwe. Chimene chiyenera kuyamikidwa mwa Joyah n'chakuti amaika kamera pafupi ndi anthu amene ena amawadutsa ngati mitengo: wantchito wa m'nyumba, msodzi, mkazi amene anthu amamtchula dzina loipa. Mayi wa ku Phalombe amene mwana wake wamkazi anapita ku Limbe kukagwira ntchito ya m'nyumba sangaonere Seasons of a Life ngati nthano ya kutali.

Koma kodi amkonde chifukwa ndi Mmalawi, kapena chifukwa waona zoona? Ziwirizi zimasokonezeka msanga. Mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo unena za ulemu woyenera kholo, ndipo sunapangidwe kuti uphimbe ntchito yosalongosoka. Mmisiri wa matabwa amene abale ake amatama mpando uliwonse, ngakhale wopendekeka, adzafa asanakhome mpando wowongoka. Kutama kanema aliyense wa kuno chifukwa ndi wa kuno ndiko kunena mobisa kuti akwathu sangathe kufika pa muyeso wa anzawo; ndipo chipongwe chotere chimapweteka koposa kudzudzula.

Ndiponso malire a "kwathu" savuta kuwoloka monga anthu aganizira. Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, anabwera kudzajambula ku Kasungu nthano ya William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe amene anapanga makina amphepo pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002. Kanemayo, The Boy Who Harnessed the Wind, anatuluka mu 2019, ndipo Ejiofor anadzivutitsa kuphunzira Chichewa kuti asewere ngati bambo wa mnyamatayo. Amalawi ena anaseka katchulidwe kake, ndipo mwina anali ndi chifukwa. Koma mlendo amene wavutikira chinenero cha eni mudzi waonetsa ulemu umene eni mudzi ena saonetsa. Kutali koposa apo kuli Ousmane Sembène wa ku Senegal, mwana wa msodzi, amene anasenzapo katundu pa doko la Marseille nayamba kulemba mabuku m'Chifalansa. Ataona kuti anthu ambiri akwawo sangawerenge mabukuwo, anakaphunzira za kanema ku Moscow, ndipo mu 1968 anatulutsa Mandabi m'chinenero cha Wolof. Nthano yake ndi ya bambo wosowa ntchito amene mphwake wa ku Paris anamtumizira ndalama pa positi. Koma kuti azilandire afunika chiphaso, kuti apeze chiphaso afunika kalata ya kubadwa, ndipo pamene iye akuzungulira m'maofesi, anansi ayamba kale kudya ndalama zimene sanazigwire. Sembène anamwalira mu 2007, ndipo nthanoyo inachitikira ku Dakar. Koma banja lililonse lokhala ndi mwana ku Joni lidzazindikira khonde la nyumba imeneyo.

Anthu a ku Phalombe ali ndi muyeso wina umene anaupeza mowawa. M'mwezi wa March 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi, chimene anthu amachitcha Napolo, n'kukokolola midzi ndi anthu mazanamazana; ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anabweretsanso maliro m'boma lomweli. Pa masiku otere makamera amafika. Wina amajambula mayi wolira pa matope, namuyandikiza mpaka misozi idzaze chithunzi chonse, osamfunsa dzina, n'kupita. Wina amadikira, najambula mayi yemweyo akufukula mphika wake, akuwerenga ana a mnansi amene wawatenga, akukangana ndi achimwene ake za pomanga nyumba yatsopano. Onse awiri ajambula zoona, koma woyamba watenga chisoni n'kusiya munthu. Tsono pofuna kudziwa ngati wotsogolera kanema ayenera kukondedwa, munthu angadzifunse ngati akadalola kuti iyeyo aime ndi kamera pa maliro a amayi ake. Ambiri amene amasangalatsa Loweruka madzulo sangaloledwe kufika ngakhale pa siwa. Izi sizitanthauza kuti akanema onse akhale a maliro; Chaplin akadaloledwa, pakuti anthu amadziwa kuti wakuseka nawo bwino adzadziwanso kulira nawo.

Kusankha mmodzi sikulakwira enawo, monganso wokonda tchopa sanyoza manganje. Ndiponso chisankho chotere si ukwati. Mnyamata wa zaka 15 wokonda nkhonya adzafika zaka 40 akufuna nthano ya bambo wolephera kulipira sukulu, ndipo kusintha kumeneku sikusakhulupirika, koma chizindikiro chakuti moyo wamphunzitsa mafunso ena. Choopsa n'chakuti munthu afike ku ukalamba akutchulabe dzina limene anamva kwa anzake, osadziwa chifukwa chake.

Patsala nkhani ya ndalama, imene okonda kanema sakonda kuimva. Kanema amadya chuma chambiri: kamera, galimoto, chakudya cha osewera, miyezi yolumikiza zithunzi. M'dziko lino, kumene nyumba zenizeni zoonetsera kanema ndi zowerengeka, wotsogolera nthawi zambiri amatapa m'thumba mwake. Ndipo kanemayo akatuluka, posakhalitsa amapezeka pa msika akuthiridwa m'mafoni ndi m'timakhadi pa mtengo wa mandasi, mwini wake osaonapo tambala. Lamulo loteteza ntchito za aluso lilipo, linakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA lilipo. Koma lamulo silingaime pa benchi iliyonse. Pano mlandu suli wophweka, pakuti mnyamata wa ku Nambazo kapena ku Mpasa, ngakhale atafuna kulipira, sapeza sitolo yogulitsa kanema wa Joyah kapena wa Chavula mwa njira yake, ndipo sikoyenera kumutcha mbala munthu amene sanasonyezedwe khomo lolowera. Mlandu waukulu uli pa iwo amene ali nazo ndalama ndi njira, aphunzitsi, amalonda, antchito a boma, amene amatchula dzina la wotsogolera wakwawo monyadira pa mowa, koma kanema wake anamtenga kwa mnzawo pa foni. Kanema wachiwiri ndi wachitatu wa wotsogolera amene iwo akuti amkonda amalipiridwa ndi ndalama za kanema woyamba, ndipo pakati pa The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise panadutsa zaka zisanu.