KHUTBA YA LACHISANU: CHUMA CHAMASIYE NDI AMANA

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini chuma chonse, Amene amapatsa ndi kulanda mwa nzeru Zake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse. Tikudzilangiza tokha ndi inu, akapolo a Allah, kuti timuope Iye poyera ndi mseri.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ambiri a ife timagwira ndalama zochuluka koyamba tikangobwera kumanda. Bambo wasiya bwato ku Metangula, kapena sitolo ku Lichinga, ndipo mwana amene sanayendetsepo malonda akupezeka atanyamula thukuta la zaka 30. Taona chuma chotere chikutha isanakwane miyezi 12, mayi wamasiye natsala akupempha ufa kwa anansi.

Tisanaganize zopindulitsa, tiyambe tayeretsa. Shariya idaika ndondomeko: zofunika pamaliro, kenako ngongole za malemu, kenako wasiya wosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo zotsala ndizo zogawana. Magawo adawaika Allah mu Surat An-Nisa, ndime 11, 12 ndi 176. Mkazi wa malemu amalandira gawo limodzi mwa 8 ngati pali ana, ndipo mayi ake limodzi mwa 6. Malume kapena m'bale wolanda zofunda ndi malata, namuthamangitsa mlamu wake, adziwe kuti ndime 10 ya sura yomweyo ikufanizira kudya chuma cha ana amasiye ndi kudzaza moto m'mimba. Gawo la mwana wamng'ono tilisunge molemba, pamaso pa mboni, kufikira atakhwima nzeru.

Gawo lathu likafika m'manja, tisafulumire. Mtima wachisoni sudziwa kuwerengera, ndipo masiku amenewo ndiwo amachuluka abwenzi. Tipatule kaye ndalama ya chakudya, mankhwala ndi sukulu, monga Mneneri Yusuf adalangizira Aiguputo kusunga tirigu wa zaka 7 zadzinthu kuyembekezera zaka 7 zanjala. Ndalamayi tiisunge kubanki m'buku lopanda chiwongoladzanja, pakuti pansi pa mphasa pali chiswe, moto ndi mbala.

Zotsala tizigwiritse ntchito, chifukwa ndalama yogona imachepa. Mitengo imakwera, ndipo chuma chikafika pa nisabu, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, nichitha chaka, zakaat yake ndi 2.5 pa 100 iliyonse. Pa meticais 200,000 timapereka 5,000. Tiyambe ndi malonda amene tikuwadziwa, usipa, nyemba, mbatata kapena mbuzi, ndipo tiyambe pang'ono. Abdurrahman bin Auf atafika ku Madina wopanda kanthu, adangopempha kuti amuonetse msika, nalemera pang'onopang'ono. Amene sadziwa malonda angapereke mpamba kwa munthu wokhulupirika, monga mayi Khadija adatumira Mtumiki ku Sham ndi katundu wawo. Pamenepo phindu ligawidwe monga adapanganirana poyamba; malonda akagwa popanda chinyengo kapena kunyozera, mwini mpamba wataya ndalama, mnzake wataya thukuta. Panganolo lilembedwe, pakuti ndime yaitali koposa m'Qur'an, Al-Baqara 282, ikutiphunzitsa kulemba ndi kuika mboni pa za chuma, ngakhale pakati pa okhulupirira.

Tipewe katapira, amene Allah adamuletsa mwamphamvu m'sura yomweyo. Tipewenso anthu a pa WhatsApp olonjeza kuti tikatumiza ndalama pa M-Pesa ibwera itawirikiza pakutha mwezi. Iwo amalipira oyamba ndi ndalama za otsatira, kenako foni imazima. Za minda, tikumbuke kuti lamulo la malo la 1997 likuti nthaka ya Mozambique ndi ya boma ndipo siigulitsidwa; chimene timalowa m'malo mwa makolo ndi ufulu wogwiritsa ntchito, DUAT. Tisanapereke ndalama pa nyumba kapena pa munda, tifunse kuboma ndi kwa amfumu.

Akapolo a Allah, pa Tsiku la Kiyama tidzafunsidwa kumene tidachipeza chuma ndi kumene tidachimwaza. Tipatulepo sadaka yopitirira m'dzina la makolo athu, chitsime kapena mphasa za mumzikiti. E, Allah, akhululukireni akufa athu, tetezani ana amasiye ndi amayi awo, ndipo dalitsani zimene mwatisungitsa. Ameen. Imirirani tiswali.