Loko ndi Mtendere

M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, nkhondo zidazilala ku Japan, ndipo ena mwa amisiri osula malupanga adayamba kusula maloko. Ku Awa ndi ku Tosa ankasula maloko achitsulo, ena okometsedwa ndi mkuwa, otsekera nyumba zosungiramo chuma. Loko wotero ankaonetsa ulemerero wa mwini nyumba.

Komatu apa pali phunziro. Mtendere udabala chuma, chuma chidabala mantha. Munthu amene kale ankaopa adani akutali adayamba kuopa mnansi wake. Ndiponso loko wokongola amatsina khutu wakuba kuti m'katimo muli kanthu. Tsono mtendere weniweni sudziwika ndi malupanga ogona m'chimake okha ayi, koma ndi makomo amene eni ake angathe kuwasiya osakhoma, iwo n'kupezabe tulo.