Kodi Wokhala M'nyumba Angaletse Mnzake Kumanga?

Mlongo wanga wamng'ono ndi namwino ku England. Adapita kumeneko mu 2022 ndipo amagwira ntchito m'chigawo cha Surrey, kummwera chakumadzulo kwa mzinda wa London. Tsiku lina adanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha chikwangwani chomwe chidakhomedwa pampanda wa nyumba ina yokongola. Mawu a pachikwangwanipo ankapempha anthu kuti akane kumangidwa kwa nyumba zatsopano paminda yoyandikana ndi mudziwo. Pansi pa chithunzicho iye adalemba kuti: "Achimwene, taonani. Anthu amenewa ndi omwe ndimawasamalira akadwala, koma safuna kuti ndikhale nawo pafupi." Mlongo wangayo amachita lendi kachipinda kamodzi m'nyumba ya anthu asanu, khitchini ndi bafa n'zogawana, ndipo gawo lalikulu la malipiro ake limathera pakachipindako.

Nditawerenga uthengawo ndidapsa mtima, n'kugamuliratu kuti eni chikwangwanicho ndi anthu odzikonda. Koma usiku womwewo tulo tidandithawa, chifukwa ndidakumbukira pepala lina lomwe ine mwini ndidasayina konkuno ku Lilongwe. Kuyambira tsiku limenelo funso ili lakhala likundizunguza mutu: kodi munthu yemwe ali kale ndi denga pamutu ali ndi ufulu woletsa kuti mnzake amange, ngakhale choletsacho chitakhala mitengo, udzu ndi mpweya wabwino?

Ife kuno tikamva mawu akuti Green Belt timaganiza za ulimi wamthirira m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire. Ku England mawuwa amanena zina. Amanena malo ozungulira mizinda ikuluikulu ngati lamba, omwe saloledwa kumangidwapo nyumba pokhapokha patakhala zifukwa zapadera kwambiri. Mu 1938 nyumba ya malamulo ya dzikolo idavomereza lamulo lothandiza makhonsolo ozungulira London kusunga malo opanda nyumba. Mu 1947 kudabwera lamulo lina lakuti aliyense wofuna kumanga ayambe wapeza chilolezo, ngakhale malowo ali akeake. Mu 1955 nduna yoona za nyumba, Duncan Sandys, idalimbikitsa makhonsolo a mizinda ina kuti nawonso akhale ndi malamba awo. Lero malo oterewa ndi mahekitala pafupifupi 1.6 miliyoni, kapena kuti gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a England yense. Ku Surrey kokha amatenga pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a chigawo chonse. Cholinga chachikulu chidali chakuti mizinda isamangofalikira ngati mpungabwi mpaka kumeza midzi ndi kulumikizana ndi mizinda inzake.

Mkangano womwe mlongo wanga adauona uli ndi chitsanzo chodziwika ku Guildford, tauni ya ku Surrey komweko. Mu Epulo 2019 khonsolo ya kumeneko idavomereza dongosolo lomanga nyumba zoposa 10,000 pofika 2034, ndipo pofuna kupeza malo idachotsa madera ena mu Green Belt. Anthu adakwiya. Mwezi wotsatira, pachisankho cha makhansala, chipani cha Conservative chomwe chinkalamulira khonsoloyo chidataya mipando yambiri, ina mwa iyo n'kutengedwa ndi magulu a eni dera otsutsa dongosololo. Makhonsolo ang'onoang'ono a midzi monga Compton ndi Ockham adakamang'ala ku khothi lalikulu, koma mu Disembala 2019 khothilo lidakana dandaulo lawo. Amodzi mwa malo omwe ankalimbirana ndi bwalo lakale la ndege la Wisley, lomwe lidaleka kugwira ntchito zaka za m'ma 1970 koma msewu wake woterapo ndege udali ukadalipo pa nthawi ya mkanganowo. Mu 2024 padaperekedwa chilolezo chomangapo nyumba zoposa 1,700.

Tisanawaweruze anthu okanawa, tiyeni timve mbali yawo, pakuti mlandu sagamula ndi khutu limodzi. Iwo amati munda ukangothiridwa konkire subwereranso. Nyumba yolakwika mutha kuigwetsa, koma nkhalango yodulidwa imafuna moyo wa munthu wathunthu kuti imerenso. Amati misewu, sukulu ndi zipatala za m'dera lawo n'zodzaza kale, ndipo omanga amalonjeza zambiri koma amachita zochepa. Amatinso nyumba zomwe makampani amakonda kumanga paminda yotereyi ndi zazikulu ndi zodula, zomwe namwino ngati mlongo wanga sangazikwanitse, pamene m'mizinda muli malo a mafakitale akale omwe angokhala. Mfundo zimenezi n'zolemera. Munthu yemwe wakhala zaka makumi anayi akuyenda kanjira kamodzi pakati pa mitengo, komwe ankayenda ndi malemu mkazi wake, akamalira kanjirako sindinganene kuti akunama.

Komabe pali zinthu zitatu zomwe chikwangwani chija sichinena. Choyamba, nyumba yomwe chidakhomedwapo nayonso idamangidwa pamalo pomwe kale padali munda kapena thengo. Mwini wake adaoloka mtsinje, ndipo tsopano akufuna kuphwasula mlatho. Chachiwiri, nyumba zikamasowa mtengo wa zomwe zilipo umakwera, choncho wokana kumanga amapindula m'thumba, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Sindikunena kuti aliyense amakana chifukwa cha ndalama, koma munthu woona mtima ayenera kudzikayikira pamene chikumbumtima chake ndi thumba lake zikuloza njira imodzi. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, pamsonkhano wokambirana za malowo pamabwera okhawo omwe ali kale m'deralo. Banja lomwe likadadzakhala m'nyumba yatsopanoyo silidziwika dzina, silivota m'wodi imeneyo, mwinanso ana ake sadabadwe. Kuchokera mu 2023 mabanja oposa 100,000 ku England akhala akusungidwa m'malo ongoyembekezera chifukwa alibe pokhala pokhazikika. Amenewa alibe mpanda wokhomapo chikwangwani.

Tsopano ndiulule zanga. Ndine wogwira ntchito m'boma, ndipo nditavutika zaka zambiri ndi ngongole ndidamanga nyumba m'dera lina la mzinda wa Lilongwe. Kuseri kwa nyumba yanga kuli dambo, ndipo chakumtunda kwa dambolo kuli malo ouma okhala ndi mitengo ya mthethe. Madzulo ndimakonda kukhala pakhonde kumvera achule. Chaka china kudamveka mphekesera yakuti malo onsewo agawidwa mapuloti ang'onoang'ono. Anansi anga adabwera ndi kalata yokana, ndipo ndidasayina osawerenga n'komwe mpaka kumapeto. M'kalatamo tidalemba za madzi osefukira, za mbalame ndi za ana osowa posewera. Koma pomwe tinkacheza panja, titatha kusayina, mnansi wina adanena zomwe ambirife tinkaganiza: "Mapuloti ang'onoang'ono amabweretsa anthu osadziwika bwino, kuba kuchuluka, ndipo nyumba zathu zitsika mtengo." Palibe adamutsutsa. Inenso ndidangogwedeza mutu.

Ku ofesi kwathu kuli bambo wina wachikulire, mesenjala, yemwe wagwira ntchito m'boma zaka zambiri kuposa ine. Amachita lendi ku Mtandire, ndipo madzi a mtsinje wa Lingadzi atasefukira mu February 2017 adataya katundu wake wambiri. Tsiku lina ndikumufotokozera monyadira za kalata yathu ija, adandimvetsera mwaulemu mpaka ndidamaliza, kenaka adati: "Mwachita bwino, bwana, madambo ngofunika. Nanga ife mudatilembera kuti tikamange kuti?" Adanyamula mafayilo ake n'kutuluka. Funso limenelo silidandichoke m'mutu mpaka lero.

Lilongwe ndi mzinda womwe udakonzedwa ndi maganizo ofanana ndi a ku England aja, akuti mzinda ukhale ngati munda, madera ake atalikirane ndipo pakati pakhale mitengo. N'chifukwa chake pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango mpaka lero. Koma pakalembera wa 1966 tauniyi idali ndi anthu osakwana 20,000. Idakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo pakalembera wa 2018 anthu adali atafika pafupifupi 990,000. Ambiri mwa iwo amakhala m'madera osakonzedwa bwino monga Mtandire, Kauma, Mgona ndi Chinsapo. Mitengo ya m'madera a anthu opeza bwino idatetezedwa, koma anthu omwe amatiphikira, kutilondera ndi kutinyamulira mafayilo adakankhidwira kumphepete.

Wina anganene kuti, basi, tingomanga paliponse. Ayi. Tidaona zomwe zidachitika ku Blantyre mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Phiri lomwe lidayenera kukhala nkhalango yotetezedwa lidali litadulidwa mitengo ndi kumangidwa nyumba m'malo otsetsereka, ndipo anthu ambiri adafera pomwepo. Tsoka limeneli limatiphunzitsa zinthu ziwiri, ndipo si bwino kutolapo chimodzi chokha. Limatiphunzitsa kuti pali malo omwe sayenera kumangidwapo zivute zitani. Limatiphunzitsanso kuti kuletsa kokha sikuchotsa kusowa kwa nyumba. Munthu sagona m'malere. Mukamukaniza malo abwino, adzamanga m'phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje, ndipo mvula ikadzabwera ndi iyeyo adzalipire mtengo wa kukana kwanu.

Makolo athu nkhaniyi ankaidziwa. Mudzi uliwonse udali ndi msitu wa kumanda komwe munthu sankayerekeza kudulako mtengo kapena kulimako, ndipo mpaka lero mukamayenda m'chigawo chapakati, pomwe mwaona mitengo yachilengedwe yowirira pakati pa minda mumadziwa kuti pali manda. Ameneyo ndiye adali lamba wathu wobiriwira. Koma nyakwawa yomwe inkaletsa kudula mitengo kumanda ndi yomweyonso inkatenga mlendo kapena mkamwini n'kukamulozera pomanga ndi polima. Mphamvu yoletsa ndi udindo wopereka zidali m'dzanja limodzi. Vuto la masiku ano, ku Surrey ngakhalenso ku Lilongwe, ndi lakuti tidazilekanitsa. Ife okhala kale tidatenga mphamvu yoletsa, udindo wopereka tidausiyira boma, kenaka boma likafuna kupereka timalitsekereza.

Ndiye yankho langa ndi lotani? Ndikuona kuti wokhala m'nyumba ali nawo ufulu wokana, pakuti ndiye amadziwa pomwe madzi amadutsa ndi pomwe mbalame zimaswera, ndipo kopanda anthu okana, adyera akadamanga ngakhale pamanda. Koma kukana kumeneko kuli ndi ngongole yake. Wokana adzifunse mafunso atatu. Kodi malowa ndikadawatetezabe akadakhala kutali ndi zenera langa? Kodi ndikadakanabe akadati nyumba zomangidwazo ndi za anthu olemera kuposa ine? Nanga ngati pano sipoyenera, ndi pati pomwe ndikuvomera, pafupi ndi ine, osati kuseri kwa phiri komwe sindidzakuona? Yemwe wayankha mafunso awiri oyambawo moona koma lachitatu n'kulithawa, akadali ndi ngongole kwa mnzake wopanda nyumba.

Boma la Britain lomwe lidalowa mu Julaye 2024 lidalonjeza nyumba 1.5 miliyoni m'zaka zisanu, ndipo mu Disembala chaka chomwecho lidasintha ndondomeko kuti zigawo za Green Belt zomwe zidamangidwapo kale kapena zosathandiza kwenikweni cholinga cha lambayo, zomwe adazitcha grey belt, zizitha kumangidwapo, malinga ngati pali nyumba zotsika mtengo, misewu, sukulu ndi malo opumirako anthu. Ngati malonjezowo adzasungidwe, nthawi ndiyo idzanene. Koma ganizo losiyanitsa dambo lenileni ndi konkire wakale wa bwalo la ndege ndi lanzeru, ndipo ndi lomwe ine ndidalephera kuchita tsiku lija.

Kalata ija ikadabweranso lero, ndikadasayina mbali ya dambo, chifukwa madzi sanyengereka. Koma za malo ouma a kumtunda aja ndikadapempha kuti tilembe zina: kuti agawidwe poyera, mapuloti ang'onoang'ono omwewo, ngalande ndi mipopi ya madzi zikhalepo, ndipo mzere wa mitengo utsale. Ndikudziwa kuti anansi anga ena sakadandipatsanso moni, ndipo khonde langa silikadakhalanso la phee ngati lero. Mlongo wanga ndidamuyankha patapita masiku atatu. Ndidamuuza kuti eni chikwangwani chija sindingawatukwane, chifukwa mmodzi mwa iwo ndi mchimwene wake. Mesenjala uja apuma pantchito chaka chamawa, ndipo funso lake sindidaliyankhebe.