Kodi Kugula Inki Yotsika Mtengo Nkuba?

Mlamu wanga ali ndi kachipinda kuno ku Mtiya, m'munsi mwa phiri la Zomba, momwe amataipa makalata ndi kusindikiza mapepala a anthu. Kwa iye kumabwera ana asukulu, achinyamata ofuna ntchito, akomiti ya ukwati, ngakhalenso anamfedwa ofuna ndondomeko ya mwambo wa maliro. Tsiku lina inki itamuthera anatsikira m'tauni, ndipo mwini sitolo anamuyalira makatiriji atatu. Yoyamba inali ya kampani yomwe inapanga printa yake, ndipo mtengo wake unali woboola m'thumba. Yachiwiri inali ya kampani ina, dzina lake lolembedwa poyera pabokosi, mtengo wake wotsika kwambiri. Yachitatu inali ndi dzina ndi chizindikiro cha eni printa, koma mtengo wake wofanana ndi wa yachiwiri ija. Iye anagula yachiwiri. Madzulo ake tili pakhonde anandifunsa kuti, "Alamu, kodi pamenepa sindinawabere eni printa aja?"

Funso limeneli lingaoneke laling'ono, koma munthu amene afunsa chotere ndiye kuti chikumbumtima chake chili maso, ndipo ayenera kuyankhidwa mosamala. Tiyeni tiyambe taona chimene inki imakwerera mtengo. Makampani ambiri amagulitsa printa motsika mtengo podziwa kuti phindu lenileni adzalipeza pa inki, chifukwa printa munthu amagula kamodzi pamene inki amagula chaka ndi chaka. Kwa ife Amalawi katunduyu ndi wochokera kunja, motero mphamvu ya kwacha itachepetsedwa ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023, munthu ngati mlamu wanga anaimva pomwepo. Iye sangakweze mtengo wa pepala monga momwe inki yakwerera, pakuti omwe amawatumikira nawonso ndi amphawi.

Pofuna kuteteza phindu lawo, makampani ena amaika m'katiriji kachitsulo kakang'ono kotchedwa chip, kamene kamauza printa ngati katirijiyo ndi yawo kapena ayi. M'mwezi wa Seputembala 2016 maprinta ambiri a kampani ya HP anangoyamba kukana makatiriji a makampani ena, eni ake osachenjezedwa, ndipo anthu atadandaula kampaniyo inapepesa chifukwa chosawafotokozera bwino. Chaka chotsatira, mu 2017, bwalo lalikulu la milandu la ku America linaweruza mlandu wa pakati pa kampani ya Lexmark ndi kampani yaing'ono ya Impression Products, imene inkagulitsa makatiriji akale odzazidwanso. Bwalolo linagamula kuti wopanga akagulitsa chinthu, ufulu umene lamulo limampatsa monga woyambitsa luso sumpatsanso mphamvu yolamulira chinthucho.

Limenelo ndi lamulo la ku America, koma nzeru yake makolo athu anali nayo kale. Munthu ukagula khasu, mpini ukathyoka umasema wina, ndipo wosula khasu sabwera kudzakuimba mlandu. Wakabaza akagula njinga, tayala likatha amagula la kampani iliyonse imene angakwanitse. Chimene wagula ndi thukuta lako ndi chako. Wina anganene kuti, "Koma kampani inawononga ndalama zambiri pofufuza luso lopangira printa, ndipo inakugulitsani motsika mtengo poyembekeza kuti muzigula inki yake." Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo wantchito ayeneradi kulandira malipiro ake. Komabe chiyembekezo cha wogulitsa si pangano. Ngati munasainirana kuti muzigula inki yawo yokha, sungani pangano lanu. Ngati simunapangane, palibe ngongole imene muli nayo. Choncho pogula katiriji yachiwiri ija, imene sinabise dzina lake, mlamu wanga sanabe kanthu. Anasamala chuma cha banja lake, ndipo kusamala chuma ndi khalidwe labwino.

Nanga katiriji yachitatu ija? Apa ndi pamene pagona nkhani. Yachiwiri ndi yachitatu mwina zinachokera m'fakitale imodzi, mwinanso inki yake ndi yofanana, koma yachiwiri ikunena zoona pamene yachitatu ikunama. Yavala dzina la eni ake monga mbala ivala yunifolomu ya mlonda. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Wopanga katiriji yotere waba dzina la mnzake, woigulitsa akudziwa wanamiza wogula, ndipo woigula akudziwa wathandiza bodza kuti liyende. Choipitsitsa ndi cha munthu wotumidwa ndi ofesi, sukulu kapena parishi, amene agula yachinyengo nalembetsa lisiti ya mtengo wa yeniyeni, zotsalazo nkuika m'thumba. Iye angadzitonthoze kuti makina akusindikizabe ndipo palibe amene walira. Koma ndalama zimenezo zinali za odwala, za ana asukulu kapena za akhristu anzake, ndipo kumeneko ndi kuba ngakhale kutachitika ndi cholembera.

Bodza likhoza kulowanso ngakhale pamene tagula moona. Printa yatsopano imakhala ndi chitsimikizo chakuti ikawonongeka m'nthawi yakutiyakuti wogulitsa adzaikonza. Tsono ngati inki yotsika mtengo yatseka timabowo tomwe inki imatulukira, munthu woona mtima sapita kusitolo nkukalumbira kuti anagwiritsa ntchito inki ya eni ake yokha. Amene wasankha njira yotsika mtengo avomerenso zovuta zake, asazisenzetse wina.

Pali munthu winanso amene sitiyenera kumuiwala, ndiye mwini pepala. Inki ndi yamadzi, ndipo printa imaipopera papepala. Tona, imene imagwira ntchito m'makina a fotokope ndi maprinta a laser, ndi ufa wosalala wokhala ndi pulasitiki, umene makina amausungunula ndi kutentha kuti umatirire papepala. Makatiriji a makampani ena alipo abwino ndithu, koma aliponso achabechabe, amene inki yake imasuluka msanga kapena tona yake imachoka ukangopaka chala. Taganizirani mtsikana amene wasunga ndalama ya matemba kuti ajambulitse satifiketi yake ya MSCE ndi kusindikiza kalata yofunsira ntchito. Kalatayo ikakafika ku Lilongwe itafufutika, bwana sadzafunsa kuti inki inali ya kampani iti. Adzangoti mtsikanayu ndi wosasamala, nkuika kalatayo pambali. Wosindikiza wapulumutsa makwacha ake, koma walipira ndi mwana wa eni, iye osadziwa. Kusunga ndalama kotere sikusiyana ndi kwa wogulitsa chimanga amene waphwanya pansi pa ndowa kuti ichepe.

Tisaiwalenso kuti katiriji yotha ndi pulasitiki yosaola. Tikaitaya kudzala, mvula ya pa Zomba imaikokolola kupita nayo mumtsinje wa Likangala, umene umakathira m'nyanja ya Chilwa momwe abale athu amapha nsomba. Mmisiri amene amadzazanso katiriji yakale mwaluso, nanena poyera kuti ndi yodzazidwanso, akugwira ntchito yolemekezeka ngati ya wosoka nsapato kapena wowotcherera ndowa. Ngakhale makampani aakulu anaona kuti anthu atopa ndi kugula makatiriji. Mu 2010 kampani ya Epson inayamba kugulitsa ku Indonesia maprinta okhala ndi thanki, amene munthu amangothiramo inki ya m'botolo, ndipo makampani ena anatsatira. Printa yotere imagulidwa modulirapo, koma inki yake ndi yotsika mtengo, ndipo wogula amadziwiratu chimene akulipira.

Ndinamuyankha mlamu wanga kuti eni printa sanawabere, koma kuti mlandu wake weniweni uli ndi anthu amene amagogoda pakhomo pake. M'mawa mwake anasindikiza pepala limodzi, nalipaka chala, nalidonthezera madzi pang'ono, naliika pawindo kwa masiku angapo kuti aone ngati lisuluke. Linapirira ndithu. Kuyambira pamenepo amauza aliyense wofunsa mtundu wa inki imene amagwiritsa ntchito, ndipo pepala likatuluka lotuwa amabwereza osalipiritsa.

Abale anga, masiku ano ndalama ikuvuta, ndipo palibe manyazi pofunafuna chotsika mtengo, kaya ndi inki, mankhwala ochapira kapena zitsulo za njinga. Koma tisanatulutse ndalama m'thumba tiyambe tadzifunsa ngati chinthucho chikunena zoona za mwini wake, ndiponso ngati pali mnzathu amene adzalipire mobisika chimene ife tapulumutsa. Ngati tingathe kufotokoza poyera pamaso pa wogulitsa, pa otituma ndi pa owatumikira chimene tagula ndi mtengo wake, tigule ndi mtima woyera. Ngati pali wina amene tifunika kumubisira, tibweze chinthucho pashelefu, pakuti mtengo wake weniweni ndi woposa umene walembedwa pabokosi.