Ana Osewera M'makwalala a Yerusalemu

LACHITATU

Werengani Zekariya 8:3-5. Kodi Yehova anapereka zizindikiro zotani zosonyeza kuti mudzi wake wabwezeretsedwa?

Uthenga uwu unadza kwa Zekariya m'chaka chachinayi cha mfumu Dariyo (Zek. 7:1), cha m'ma 518 B.C. Otsala a ku ukapolo anali atabwerera kwawo, koma kachisi anali asanathe kumangidwa, ndipo malinga anali chigwere. Kwa anthu olefuka otere Yehova analonjeza mudzi wamtendere, momwe nkhalamba zidzapumula poyera ndipo ana adzasewera mopanda mantha. Tizindikire ichi: pamene Mulungu anafuna kuonetsa anthu ake maonekedwe a mtendere, anawaonetsa ana akusewera. Chimene Iye anachiika pakati pa madalitso ake tisachiyese ife kutaya nthawi.

Yerekezani Luka 2:52 ndi Marko 6:3. Kodi mwana Yesu anakula m'mbali zingati?

Mpulumutsi wathu anakula m'nzeru ndi m'thupi momwe, ndipo anthu a ku Nazarete anamdziwa ngati mmisiri wa mitengo. Mlengi anapanga thupi la mwana kuti liziyenda. Mwana akathamanga, mtima umapopa mwazi mwamphamvu, mapapo amakoka mpweya wambiri, ndipo mafupa amalimba. Akabwerera m'kalasi amamvetsera bwino koposa mnzake amene wakhala pansi kuyambira m'mawa. Mu 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito matupi awo mwamphamvu kwa mphindi 60 kapena kuposerapo pa tsiku. Kafukufuku amene bungweli linatulutsa mu 2019 anapeza kuti pa ana 100 alionse a zaka 11 mpaka 17, ana 81 sanali kufika pa muyeso umenewu, ndipo asungwana ndiwo anali kutsalira kwambiri.

Ena adzati, Kodi ana athu sayenda mtunda wautali popita ku sukulu, ndi kutunga madzi akaweruka? Kwa ambiri a kumidzi izi ndi zoona, ndipo mwana wotere afunika phala asanafunike mpira. Koma m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu muli ana amene amapita pa galimoto, nakhala pa desiki tsiku lonse, nabwerera kukakhalanso pa wailesi ya kanema kapena pa foni. Mayeso a Sitandade 8 akayandikira, nthawi yopuma ndiyo imayamba kudulidwa, ndipo ife makolo timaombera m'manja.

Werengani Genesis 2:15. Kodi ntchito ya manja inaperekedwa uchimo usanalowe kapena utalowa kale?

Adamu anapatsidwa munda woti aulime asanachimwe. Ana a aneneri anapita ku Yordano kukadula mitengo yomangira malo awo okhala, Elisa ali pamodzi nawo (2 Maf. 6:1-4). Ellen White, m'buku lake lotchedwa Education la mu 1903, anapatula mitu ya padera yonena za kutsitsimutsa thupi ndi za ntchito ya manja. Koma taonani chizolowezi chathu: mwana akachedwa, timampatsa khasu kapena chikwakwa, akalephera masamu, timamtsekera m'kalasi anzake ali pabwalo. Potero timamphunzitsa kuti khasu ndi chilango, ndi kuti kusewera ndi mphotho ya anzeru okha. Zonse ziwirizi Baibulo siliphunzitsa.

Nzoona kuti Paulo anaika chipembedzo pamwamba pa chizolowezi cha thupi (1 Tim. 4:8). Komabe sananene kuti thupi lilibe kanthu, pakuti iye yemweyo analitcha kachisi wa Mzimu Woyera (1 Akor. 6:19). Kachisi wa mwana ali mkati momangidwa, ndipo maola ambiri a kumangako amapita mwanayo ali ku sukulu.

Ntchito iyi sifuna ndalama zambiri. Fulaye, jingo, chipako ndi mpira wachikulunga zimangofuna bwalo ndi chilolezo. Mphunzitsi angathe kuimiritsa ana pakati pa maphunziro awiri kuti atambasule miyendo. Angathe kulima nawo dimba la sukulu, iye mwini atagwira khasu monga Elisa anatsagana ndi ophunzira ake. Aonetsetsenso kuti anyamata asalande bwalo lonse, ndi kuti mwana wolumala apeze malo ake m'masewera.

Zoti tikambirane m'kalasi: Kodi ana athu amapuma mphindi zingati ku sukulu, ndipo tinayamba tafunsapo? Ife amene tili m'makomiti a sukulu, kapena tili aphunzitsi, tingachite chiyani sabata ino kuti lonjezo la Zekariya 8:5 lionekere pa bwalo la sukulu yathu?