Kodi Wongotumiza Uthenga Ali ndi Mlandu?



Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Msheireb. Mwana wamkazi wa abwana anga amaphunzira pa Qatar University, komwe akuchita kafukufuku wa ndere. Inde, ndere zomwe zija zoterera pa miyala ya kumtsinje. Tsiku lina ndikupukuta tebulo lake ndinamufunsa moseka kuti, zoona munthu angathere zaka pa sukulu chifukwa cha ndere? Sanakwiye. Anandionetsa pa kompyuta kanthu kobiriwira kamene maso paokha sangakaone. Anati kameneka ndi selo imodzi, ndipo ndi kamoyo pakokha. Kakapeza dzuwa ndi chakudya kamagawika pawiri, tiwirito tikhala tinayi. Kakagawika choncho ka 20, tapitirira miliyoni imodzi.

Anandiuzanso kuti ndere si zoipa. Pafupifupi theka la mpweya wabwino wa dziko lapansi limachokera ku tindere ta m'nyanja. Ngakhale chambo cha kwathu chimanenepa ndi tindere tomweto. Vuto limadza zikachuluka mopyola muyeso, makamaka feteleza ndi zonyansa za m'mizinda zikatsikira m'madzi. Mu 2008 ndi 2009 nyanja inafiira m'mphepete mwa Oman ndi United Arab Emirates. Nsomba zinafa zambirimbiri, ndipo makina ena osefa mchere m'madzi anaima. Ife a ku Doha timamwa madzi a m'nyanja osefedwa ku malo ngati Ras Abu Fontas, choncho nkhaniyi si ya kutali.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, chifukwa ndinakumbukira chimene ndinachita pa nthawi ya chisankho cha kwathu cha pa 16 September 2025. Pa WhatsApp panabwera mawu ojambulidwa onyoza mtundu wina wa anthu a ku Malawi, owatchula maina a zinyama. Ine ndinaseka, nkuwatumiza ku gulu lina. Ndinaiwala kuti m'gulumo munali mayi wina wa mtundu umenewo, amene tinkakwera naye sitima ya pansi pa siteshoni ya Msheireb Lachisanu lililonse popita kokapemphera. Ndiye amene anandibwereka ndalama mwana wanga atadwala kumudzi. Sanandiyankhe kanthu. Anangosiya kubwera.

Mumtima ndinkadziteteza kuti si ine ndinajambula mawuwo, ine ndinangotumiza. Ambiri a ife timatero. Koma taganizani, abale. Pa nyanja yofiira ija, ndi selo iti imene inapha nsomba? Palibe imodzi imene mungailoze chala. Iliyonse inangogawika pawiri basi. Komabe nsomba zinafa, ndipo popanda kugawikako sizikanafa. Wojambula mawu achidani ali yekha sangapite patali. Miyendo yake ndife otumiza.

Wina anena kuti, nanga ngati zinali nthabwala chabe? Inenso ndinatero. Koma mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe zinayenda pakamwa ndi pa foni, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Mu May 2008 ku South Africa anthu oposa 60 anaphedwa chifukwa chodana ndi alendo, ndipo Amalawi ambiri anabwerera kwawo chimanjamanja. Ife amene tikudziwa kuwawa kotchedwa mlendo, tingasekerere bwanji chidani cha pa ife tokha?

Wina anenanso kuti, ndiye titseke pakamwa ngakhale tikuona zoipa? Ayi. Kudzudzula mtsogoleri wakuba kapena bwana wosalipira malipiro n'koyenera. Pamenepo ukunena chimene munthu wachita, ndipo iye angathe kuyankha kapena kusintha. Koma ukanyoza munthu chifukwa cha mtundu wake, akasinthe chiyani? Akabadwenso kwina?

Pali chinanso. Ndere zimachuluka pamene pali chakudya chake. Mawu aja anapeza chakudya mwa ine: kutopa, kusowa ana anga, mkwiyo wa tsiku lonse umene sindingaulankhule m'nyumba ya abwana. Pofika 11 koloko usiku, uli wekha m'kachipinda ndi foni, zonsezi zimafuna potulukira. N'chifukwa chake sindikuloza chala munthu. Ndikudziwa mmene zimayambira.

Dziwaninso kuti kuno kuli lamulo nambala 14 la 2014 lokhudza milandu ya pa intaneti, ndipo kwathu kuli lina la 2016. Koma lamulo limagwira ochepa. Chimene chingaimitse chala pa foni ndi chikumbumtima.

Mayi uja ndinapita kukamupepesa pamaso, osati pa foni. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, nkunena kuti wamva. Kumapemphero sanabwerebe. Madzi akatayika saoleka, koma mpando wake tikumusungirabe.

Pempho langa ndi ili. Uthenga wonyoza mtundu, dziko kapena chipembedzo cha wina ukafika pa foni yanu, uthere pomwepo. Musanatumize, tchulani mumtima dzina la munthu mmodzi wa mtundu umenewo amene munadya naye nsima. Lachisanu likudzali muwerengere limodzi Yakobo mutu 3, ndipo mundikumbukire m'mapemphero pamodzi ndi mayiyo.

Ine mlongo wanu wa ku Msheireb.